Mayi Amália Kamphinda ndi Malipiro a Mkamwini Wawo

Amália Xavier Kamphinda, amene anthu a ku Ntengo-Wambalame amawatchula ndi mfunda wawo kuti aNachisale, ndi mayi wolemekezeka kwambiri, ngakhale kuti si onse owalemekeza amene amawakonda. Anansi awo amavomerezana pa zinthu ziwiri: mayiwa sanaberepo mlimi pa sikelo, ndipo sanakhulupirirepo sikelo ya munthu wina. Akamagula nyemba amapisa mkono m'thumba mpaka m'chigongono kuti amve ngati pansi pali miyala kapena nyemba zofumbwa. Akabwezeredwa ndalama amaziwerenga pamaso pa wowabwezerayo, ngakhale atakhala katekisita wa tchalitchi chawo. Ena amati imeneyo ndi nkhanza. Kunena moona si nkhanza, ndi chizolowezi chimene chili ndi pamene chinayambira.

Anabadwira ku Ntengo-Wambalame komweko, pa malo a makolo a amayi awo. Nkhondo itafika anathawira kutsidya la malire, cha ku Ntcheu, ali mayi wongokwatiwa kumene. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti chitini choyezera ufa chikhoza kuphwanyidwa pansi mwadala, ndipo kuti amene sayang'ana pansi pa chitini ana ake amagona ndi njala. Amayi awo anamwalira komweko. Azichemwali awo awiri anakwatiwa ku Malawi ndipo sanabwerenso. Pamene anthu ankabwerera kwawo mtendere utafika, a Amália anabwera ndi amuna awo a Caetano ndi mchimwene wawo Bartolomeu. Anapeza mitengo itamera pamene panali nyumba. Anazindikira malire a munda wawo chifukwa cha mwala waukulu umene amayi awo ankayanikapo ndiwo.

Anabereka ana anayi, atatu aamuna ndi wamkazi mmodzi, Cátia, amene ndi chitsiriza. Anyamatawo anakwatira ndi kupita kukakhala kwa akazi awo monga mwa mwambo. A Caetano anamwalira Cátia asanamalize sukulu. Choncho aliyense wodziwa kuwerenga mbumba ankaona poyera kuti mudzi umene a Amália anaumanganso kuchokera m'tchire unatsamira pa mwana mmodzi. Cátia akanachoka, malo a makolo akanatsala ndi mayi wokalamba ndi nyumba yosungiramo katundu.

Malonda anawayamba ndi beseni limodzi la mbatata ya kachewere m'mphepete mwa msewu. Patapita zaka anamanga nyumba ya njerwa yosungiramo matumba, nayamba kugula kachewere ndi nyemba kwa alimi a m'midzi yozungulira ndi kuzikweza pa magalimoto opita ku mzinda wa Tete. Ogula akuluakulu a kumeneko safuna kugula kwa munthu wopanda nambala ya msonkho. Motero a Amália analembetsa, nayamba kulipira msonkho wa amalonda ang'onoang'ono, umene umaperekedwa miyezi itatu iliyonse ndipo umawerengedwa molingana ndi zimene munthu wagulitsa. Kuwerenga manambala amadziwa bwino kwambiri. Chipwitikizi cha pa mapepala a boma ndicho chimene sankachimva. Poyamba ankalipira mphunzitsi wina kuti aziwalembera, ndipo ankakangana naye nthawi iliyonse.

Kenaka panabwera Gregório Chatsika, mnyamata wa ku Furancungo, m'boma la Macanga, amene anaphunzira ntchito yowerengera ndalama ku Tete. Anafika ku Ntengo-Wambalame kudzakonza mabuku a gulu lina la alimi, ndipo anamuona Cátia akuimba m'kwaya. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala pansi, a Amália anaika mfundo imodzi yokha: ukwati ukhale wa chikamwini, mnyamatayo adzakhale pa mudzi wa mkazi wake. Gregório anavomera. Anamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, ndi kachipinda kena pafupi ndi msewu, kamene anaikamo tebulo, mipando iwiri ndi chikwangwani cholembedwa kuti kontabilista, kutanthauza wowerengera ndalama. Posakhalitsa eni magolosale, ogaya chimanga ndi ogula fodya ankabwera kudzakhala pa mipando imeneyo ndi mapepala awo m'majumbo.

Mkamwini amayenera kulima munda wa apongozi. Mvula yoyamba Gregório anatenga khasu, napita m'mawa ungapo, mpaka manja anatuluka matuza. Pambuyo pake analemba aganyu, kenaka ngakhale aganyuwo anasiya kuwalemba. A Amália sanakwiye. Anauza a Bartolomeu kuti, "Musiyeni. Munthuyu khasu lake ndi cholembera. Azindilembera za msonkho, umenewo ndiye munda wanga umene azilima." Mawu amenewa anali omveka bwino, ndipo a Bartolomeu anawamva. Gregório sanawamve, chifukwa panalibe amene anamufikitsira.

Apa ndi pofunika kufotokoza mmene awiriwa ankakhalira. Mabanja ambiri masiku ano anasiya mwambo wa kupewana kwa mpongozi ndi mkamwini, koma a Amália anaugwira wonse monga anauonera kwa amayi awo. Akakumana naye panjira ankapatukira m'chimanga mpaka adutse. Gregório akafuna kutulukira kumsewu ankayamba watsokomola pakona pa nyumba, kuti ngati apongozi ali pakhonde alowe. Moni ankapatsana wina ali mkati wina ali kunja, ndipo sunkapitirira pa kufunsana za kudzuka. Nkhani ina iliyonse inkayenda pa miyendo ya Cátia. Zaka zinadutsa, kunabadwa adzukulu awiri aakazi, koma kupewanako kunali chikhalire.

Za msonkho zinkayenda chomwecho. Nthawi ikakwana, Cátia ankatenga manambala a zogulitsa kwa amayi ake kupita nawo ku kachipinda ka kumsewu. Madzulo ankabwera ndi nambala imodzi. A Amália ankawerenga ndalamazo, kuzimanga m'kansalu, ndipo m'mawa mwake ankamva njinga yamoto ya Gregório ikulowera njira ya ku Ulongwe, kumene kuli ofesi ya msonkho. Mayi amene ankakayikira ngakhale katekisita sanakayikirepo nambala imeneyi, pakuti m'maganizo mwawo inkachokera kwa munthu wolima munda wawo.

Chikayiko chinabwera ndi a Madalena, mnzawo wa malonda a kachewere, tsiku lina akudikira galimoto imene inachedwa chifukwa cha matope. Anakhala pa matumba, nayamba kudandaula za mitengo.

"Inu aNachisale muli ndi mwayi," anatero a Madalena. "Munakwatitsa mwana ku Finansa, kwa eni msonkho. Ife timalipira kawiri, boma ndi wolemba."

"Boma silidziwa za mkamwini, anzanga. Mwezi wathawu landitengera zambiri ndithu."

"Zingati?"

A Amália anatchula. A Madalena anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mukundinamiza kuti ndisakupempheni ngongole. Ine ndinakweza magalimoto ochuluka kuposa inu, koma boma linatenga zochepa kuposa zimenezo. Kapena munagulitsa golide usiku ife tili m'tulo?"

"Mwina wolemba wanu amabisa matumba."

"Custódio? Amene uja amaopa boma kuposa mmene amaopera mkazi wake. Amandiuza manambala awiri: iyi ya boma, iyi yanga. Ya iye ndimakangana naye, ya boma sindikangana nayo."

Galimoto inafika, matumba anakwezedwa, ndipo a Amália anaiwala kuwerenga anyamata onyamula, chinthu chimene sichinawachitikirepo. Ali kunyumba anatenga kachitsotso nalemba pansi kuseri kwa khitchini. Anadziwa kuchokera kwa a Madalena gawo limene boma limatenga pa zana lililonse. Anawerenga za nthawi imeneyo, panatsala ndalama zosadziwika mwini wake. Anawerenga za nthawi ya njala, pamene malonda amakhala ochepa, panatsalanso ndalama zomwezo. Anawerenga za nthawi yokolola, zomwezonso: metikali chikwi chimodzi ndi mazana asanu. Msonkho umakula malonda akakula. Ichi sichinkakula ndipo sichinkachepa. Anafufuta manambalawo ndi phazi.

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse cha kuseri kwa nyumba chinayamba kuwauza nkhani. Padenga pa Gregório panali sola yatsopano. Njinga yamoto inasinthidwa matayala onse awiri nthawi imodzi. Cátia anavala nsalu ya kapulana yatsopano Lamulungu limene silinali la chikondwerero chilichonse. Gregório akatsokomola pakona, a Amália ankamva ngati akutsokomola mopitirira muyezo, monga munthu amene akufuna kuonetsa ulemu chifukwa akubisa kanthu. Akapanda kutsokomola mokweza, ankati wayamba kuzolowera. Ankasuzumira pa mng'alu wa chitseko kuona ngati akasitomala ake akutuluka okondwa kapena okwiya. Mwini chigayo wina atatuluka akupukusa mutu, anamuitana namugulira nthochi, namufunsa mozungulira. Munthuyo anati Gregório ndi wokwera mtengo koma mapepala ake sabwezedwa. Yankho limeneli silinawathandize.

Nthawi yolipira itakwananso, anamanga m'kansalu gawo la boma lokha. Cátia anapita nazo, ndipo sanachedwe kubwerera.

"Amayi, akuti zaperewera."

"Akuti ndani? Boma kapena bambo a Olívia?" Olívia ndiye mdzukulu wawo woyamba.

"Bambo a Olívia."

"Zaperewera zingati?"

Cátia anatchula nambala yomwe ija, maso ali pa mwana amene anali kumbuyo kwa siketi yake.

"Nanga boma limeneli," anatero a Amália mofatsa, "chaka chabwino ndi chaka choipa limaperewedwa mofanana?"

"Ine za mapepala sindizidziwa, amayi."

"Unafika kalasi la khumi. Ine ndinalekera lachitatu. Ndani pakati pathu woyenera kunena kuti sadziwa?"

Cátia ananyamula mwana ngakhale sanali kulira, natuluka. A Amália anawonjezera ndalamazo kuti tsiku lisadutse ndi kugwera m'chindapusa, koma kusayankha kwa mwana wawo kunawapweteka kuposa ndalamazo. Tsopano okayikiridwa anali awiri.

Akanakhala munthu wina aliyense, akanalowa m'kachipinda kaja ndi kugwira tebulo mpaka atamva yankho. Koma uyu anali munthu mmodzi yekha pa dziko lonse amene sakanatha kumuyang'ana m'maso. Anapita kwa a Bartolomeu, amene monga malume ndiwo nkhoswe wa Cátia. Anawapeza akusankha fodya pansi pa chigafa.

"Achimwene, itanani ankhoswe a ku Furancungo. Pakhomo panga pali wakuba."

A Bartolomeu anamvetsera nkhani yonse osasiya kusankha masamba. "Mukawaitana, mlongo wanga, mawu oti wakuba adzanenedwa pamaso pa abale ake. Munthu wa sukulu uja akadzamva zimenezo sadzagonanso pa mudzi pano. Ndiye Cátia adzasankha: amutsatire kapena ukwati uthe. Inu mukufuna chiti?"

"Sindikufuna chilichonse mwa ziwirizo. Ndikufuna kudziwa kumene ndalama zanga zimapita."

"Mufunseni."

"Ndimufunse bwanji? Ndi kukuwa kuseri kwa chipupa kuti anthu a pamsewu amve?"

"Ana abereka awiri. Nthawi inakwana kalekale yoti muphe nkhuku, mudyere naye mbale imodzi, kupewanaku kuthe. Amayi anachita zimenezo ndi malemu alamu anga mwana wanu woyamba atangoyamba kukwawa. Inu mwakhala mukuzengereza, chifukwa chake mukuchidziwa nokha."

Mwambo umenewu umachitika pofuna kuonetsa kuti mkamwini wasanduka mwana wa m'nyumba. A Amália anaganiza zouchita kuti apeze mpata womufunsa funso. Ankadziwa kuti zifukwa ziwirizi n'zosiyana, koma anaona kuti nkhuku yake ndi imodzi.

Lamulungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, anayala mphasa pansi pa mtengo wa pichesi. Anapha tambala wamkulu, naphika ndi kachewere. Panali a Bartolomeu, Cátia ndi Gregório, amene anabwera atavala malaya oyera, nakhala moyang'ana kumbali. A Bartolomeu ananena mawu oyenera, kuti munthuyu wabereka pa mudzi pano ndipo si mlendonso. A Amália ananyema chiwalo cha nkhuku nachiika mbali ya mbale imene inali kwa Gregório. Aka kanali koyamba kuti aone nkhope yake pafupi. Anaona kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso ndipo imvi zayamba kumutuluka, ngakhale kuti ndi wamng'ono.

Anadikira mpaka onse atasamba m'manja.

"Bambo a Olívia, tsopano tikhoza kulankhula."

"Inde, amayi. Ndathokoza kwambiri."

"Musafulumire kuthokoza. Pa ndalama zimene ndimatumiza za msonkho, pamakhala zina zimene sizifika ku boma. Zimapita kuti?"

Gregório anakweza mutu. Pankhope pake panalibe mantha. Panali kudabwa, ndipo a Amália anayamba pomwepo kuyeza ngati kudabwako kunali kwenikweni kapena kokonzekera.

"Zimenezo ndi malipiro anga, amayi. Honorários. Aliyense amene ndimamulembera amalipira. Enawo amalipira zikwi ziwiri, inu ndinakuchotserani."

"Munandichotsera."

"Inde. Chifukwa ndinu amayi."

"Achimwene, mwamva? Akuti anandichotsera." Anatembenukiranso kwa Gregório. "Anakuuzani ndani kuti mkamwini amalipiritsa mpongozi? Malemu amuna anga analima munda wa amayi anga mpaka msana unapindika. Sindinawaonepo akubwera madzulo ndi kunena kuti, mizere makumi awiri, ndalama zakutizakuti."

"Kulima ndi kwina, amayi, iyi ndi ntchito imene ndinapitira kusukulu. Ndimathira mafuta kupita ku Ulongwe, ndimagula mapepala, ndimasaina dzina langa. Chikalakwika, amene amaitanidwa ndi ine."

"Munda wanga munaulima liti?"

"Ndinkalemba aganyu."

"Chaka chimodzi. Nditaona kuti mwasiya ndinati musiyeni, cholembera chake chikhale khasu. Ndinanena pamaso pa achimwene awa."

"Ine sindinamve zimenezo."

A Bartolomeu anakanda kumbuyo kwa khutu. "Ndinkayesa kuti anauza Cátia."

"Ndipo ine sindinabise kanthu," anapitiriza Gregório, mawu ake akuuma pang'ono. "Nthawi zonse ndimamuuza Cátia manambala awiri, ya boma ndi yanga. Mufunseni ali pomwepa. Serviço é serviço, ntchito ndi ntchito, amayi, koma kuba sindinabe."

Onse anayang'ana Cátia. Iye ankasonkhanitsa mafupa m'mbale, ndipo anapitiriza kuwasonkhanitsa ngakhale atatha.

"Ndinkaphatikiza," anatero potsiriza. "Ndikanabwera bwanji kwa inu n'kunena kuti mkamwini wanu akufuna malipiro? Mukanandibweza ndi mawu. Ndikanapita bwanji kwa iwo n'kunena kuti amayi akuti mulembe ulere chifukwa simulima? Akanandibwezanso ndi mawu. Ine ndimagona uku, ndimadya uku ndi uko. Nambala imodzi inkapita popanda phokoso."

A Amália anayang'ana mwana wawo, nayang'ana mkamwini. Nkhaniyo inali yosalala, ndipo kusalala kwake ndi kumene kunawavuta. Awiriwa anali ndi masiku ambiri okonzekera kuchokera pamene Cátia anafunsidwa za boma loperewedwa mofanana. Mkazi akhoza kusenza mlandu wa mwamuna wake podziwa kuti mayi sathamangitsa mwana wake. Komanso zikhoza kukhala zoona monga mmene zinanenedwera. Analibe sikelo yoyezera zimenezi.

"Chabwino," anatero. "Zimene zinapita ndibwezeredwe theka, chifukwa theka la kulakwa ndi la achimwene awa amene anasunga mawu anga m'thumba. Kuyambira lero mukalemba za ine, mukulima munda wanga. Mafuta a njinga ndizithira ndine. Za malipiro zithe."

Gregório anapukuta zala pa kansalu. Kenaka anakhala mowongoka, nayang'ana apongozi ake m'maso, monga mwambo unali utangomuloleza kumene.

"Theka limenelo ndibweza, amayi, kuti pasakhale mawu. Koma popeza mwanditsegula pakamwa, nanenso ndili ndi nkhani imene ndakhala nayo nthawi yaitali. Sindinathe kuituma, chifukwa si nkhani yotumiza mkazi kwa amayi ake. Ku Furancungo ntchito yanga ndi yochuluka kuposa kuno. Maofesi ali pafupi, ogula fodya ali pomwepo, ndipo bambo anga akalamba. Amalume ali pano, ndikupempha chitengwa. Ndikufuna kutenga Cátia ndi ana tikakhale kwathu."

"Chifukwa ndakufunsani za ndalama zanga?"

"Ayi, amayi. Koma lero ndamva mmene mumandiwerengera. Ine ndimayesa kuti ndikukuchitirani ulemu pokuchotserani, inu mumayesa kuti ndine wa ngongole ya munda. Ndikakhala kuno, ngongole imeneyo sidzatha."

A Amália anatembenukira kwa a Bartolomeu, pakuti mwini mbumba ndi amene amayankha pempho lotere. A Bartolomeu anati nkhani yaikulu siyankhidwa pa mphasa ya nkhuku, ndipo anafunsa Cátia maganizo ake, poyembekeza kuti akana. Cátia anati watopa kukhala njira yodutsamo mawu, ndipo ngati amalume avomera, iye apita.

Masabata otsatirawo a Amália anayesa zonse zimene wamalonda amadziwa. Anatumiza mawu, tsopano ndi pakamwa pawo, kuti theka lija lisabwezedwe. Gregório analibweza m'envelopu. Anati azilipira malipiro onse monga akasitomala ena, zikwi ziwiri zathunthu. Gregório anathokoza nati nkhani si imeneyonso. Anati amupatsa malo ena kumsewu amange ofesi yaikulu ya malata. Gregório anati aganiza, koma tsiku lomwelo anamuona akuyeza tebulo lake ndi chingwe kuti aone ngati lingakwane pa galimoto. Akanatha kukana chitengwa, ndipo ankhoswe akanawamvera. A Bartolomeu anawauza mosabisa kuti akakana, Gregório apita yekha, ndipo mwana wawo akhala pa mudzi ali ndi ukwati wa pa foni. A Amália anavomera, ndipo anapempha chinthu chimodzi, kuti ankhoswe a ku Furancungo anene pamaso pa anthu kuti ana aja kwawo ndi ku Ntengo-Wambalame. Ananena.

Anachoka kukolola kutatha, fumbi litayamba m'misewu. A Amália anathandiza kumanga katundu, ndipo anawerenga mapoto kuti a nyumba yawo asapite nawo limodzi. Anapatsa Cátia matumba awiri a nyemba ndi limodzi la kachewere wa mbewu, ngakhale sankadziwa ngati kumene akupitako ali ndi dimba. Kachipinda ka kumsewu tsopano amasungiramo matumba opanda kanthu. Chikwangwani anachizula nachiika kuseri.

Gregório anati akhoza kupitiriza kuwalembera ali komweko, manambala azitumiza pa foni. Anakana. Masiku ano amakwera minibasi ya shapa kupita ku Ulongwe kwa Custódio, wolembera a Madalena uja, amene amawalipiritsa zochuluka kuposa zimene mkamwini wawo ankatenga. Amakhala pa mpando wake, kumuuza kuti atchule manambala awiriwo padera, ndipo pa nambala yachiwiri amakangana naye mpaka anthu a pamzere amayamba kudandaula. Custódio amati mayiwa amamudyera nthawi ya akasitomala atatu, koma mapepala awo amabwera osasokonekera.

Anthu a pa Ntengo-Wambalame sagwirizana pa nkhaniyi. Achikulire amati Gregório analakwa, mkamwini satumiza mtengo kwa mpongozi ngakhale atapita kusukulu ya kumwamba. Achinyamata, makamaka amene ali ndi ntchito za m'manja ndi za mapepala, amati ntchito imene munthu anaiphunzira siyenera kusanduka lobola wa chaka ndi chaka. Ena amaloza a Bartolomeu, ena Cátia. A Amália sanalole kuti wina aliyense anene pamaso pawo kuti mkamwini wawo ndi wakuba, ndiponso sanavomerepo kuti nkhaniyo inamveka yonse.

Tsiku lina akuchokera ku Ulongwe, a Madalena anawafunsa m'shapa ngati sizikuwapweteka kuti adzukulu akukulira kwina chifukwa cha ndalama zosakwana ngakhale mtengo wa thumba limodzi labwino. A Amália anayankha akuyang'ana pa zenera:

"Zikundipweteka, anzanga, musandiyese mwala. Akanandipempha ngati mwana ndikanamupatsa zoposa zimenezo. Koma chimene chimandisowetsa tulo si ndalama. Mpaka lero sindikudziwa ngati Cátia ankaphatikiza yekha kapena bambo a Olívia anachita kumuuza zoti adzanene. Akabwera kudzabzala nyemba ndidzamufunsanso, mwamuna wake kulibe."